Masiku asanu ndi limodzi ku Biertan, mudzi wa malinga atatu

Lolemba, tsiku loyamba

Ndafika ku Biertan, mudzi wa m'dziko la Romania, dzuwa litapendeka, ndipo ndikulemba izi ndili m'chipinda cha nyumba yakale imene makoma ake ndi ochindikala pafupifupi utali wa mkono wanga. Ganizo la ulendo uno silinachokere kwa ine. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wina kumwera kwa Germany, ndipo pakati pa anthu amene ndimawasamalira pali agogo ena aakazi a zaka zopitirira 80 amene akamati "kwathu" satanthauza Germany, ngakhale kuti akhalako zaka zoposa makumi atatu. Amatanthauza mudzi uno, umene iwo amautchula dzina lake la Chijeremani, Birthälm, ndipo anauchoka mu 1990. Atamva kuti ndili ndi tchuthi mwezi uno wa Seputembala, anandijambulira pakapepala njira yochokera pabwalo la mudzi kukafika pa nyumba imene anabadwiramo, nandipempha chinthu chimodzi chokha, chakuti ndikaone ngati mtengo umene bambo awo anabzala kuseri kwa nyumbayo udakalipo. Ine amene ndinasiya mayi anga ku Dedza sindikanatha kukana pempho lotere.

Ndege inanditula ku Sibiu, likulu la chigawo chimene Biertan ilimo, ndipo kuchokera kumeneko ndinakwera sitima yapamtunda mpaka ku Mediaș, tauni imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa Târnava Mare. Ku Mediaș ndinapeza galimoto imene inatsata msewu waukulu wopita ku Sighișoara, kenako pa mudzi wa Șaroș pe Târnave inakhota kulowera kumwera, m'kamsewu kotsata chigwa chopapatiza kwa makilomita osakwana khumi. Dera lonseli lili pakati pa Transylvania, chigawo chimene mapiri a Carpathian anachizinga ngati mpanda, koma pano penipeni palibe mapiri aatali. Pali zitunda zobulungira zotsatizana, pamwamba pake nkhalango za mitengo ya thundu, m'mbali mwake msipu, ndipo pansi m'zigwa muli minda ya chimanga chimene tsopano chikuuma. Chimangacho chinandikhazika mtima pansi, chifukwa mapesi ake amalira ndi mphepo mofanana ndi a kwathu mu Meyi.

M'dziko la Romania midzi ingapo yoyandikana imaikidwa pansi pa ulamuliro umodzi wotchedwa comună, ndipo ilipo yoposa 2,800 m'dziko lonse. Iliyonse ili ndi meya, amene kuno amati primar, komanso khonsolo, ndipo onsewa amasankhidwa pa zisankho. Ya Biertan ili ndi midzi itatu: Biertan weniweni, pamene pali ofesi ya meya, Richiș chakumwera cha kumadzulo, ndi Copșa Mare chakum'mawa. Ndikufuna kuiyenda yonse itatu ndi miyendo.

Tchalitchi ndinayamba kuliona tisanalowe m'mudzi. Lili pa kachitunda pakati penipeni pa nyumba, lozingidwa ndi malinga ndi nsanja, ndipo nyumba zonse zimaoneka ngati anapiye ounjikana pa make. Pa mtengo wina wa magetsi pali chisa chachikulu cha timitengo, koma mulibe mbalame. Mayi amene ndikugona kwawo andiuza kuti adokowe anachoka mwezi watha. Adokowe a kum'mawa kwa Ulaya amauluka kudzera ku Turkey ndi ku Egypt kupita kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, moti n'kutheka kuti eni chisachi adzakhala akutola ziwala m'madambo a kwathu mvula ikayamba.

Lachiwiri, tsiku lachiwiri

Tsiku lonse ndalithera m'kati mwa malinga. Munthu amakwera kuchokera pabwalo la mudzi kudzera pa masitepe a matabwa ofoleredwa, otetemera pang'ono ndi ukalamba, ndipo akamakwera amadutsa malinga atatu, lina m'kati mwa linzake. Ndisanafotokoze za m'katimo, ndiyenera kunena za anthu amene anamanga zimenezi.

M'zaka za m'ma 1100, Transylvania inali pansi pa mafumu a Hungary, ndipo mfumu Géza Wachiwiri, amene analamulira kuyambira 1141 mpaka 1162, anaitana alimi ndi amisiri ochokera kumadzulo, makamaka m'zigwa za mitsinje ya Rhine ndi Moselle, kuti adzakhale m'malire a ufumu wake, azilima, azikhoma msonkho ndi kulondera. Anthu amenewa, oyankhula Chijeremani, anadzatchedwa Asakisoni, ndipo Aromania amawatcha sași. Mu 1224 mfumu Andrew Wachiwiri anawapatsa chikalata chowalola kusankha okha oweruza ndi ansembe awo, ufulu umene unayambira ku dera la Sibiu n'kudzafika kuno pambuyo pake. Dzina la Biertan limapezeka koyamba m'chikalata cha mu 1283 chokhudza zopereka za midzi ya kuno, ndipo pamenepo n'kuti mudziwu utakhazikika kale.

Malinga anabwera chifukwa cha mantha. Amongoli anasakaza dziko lino mu 1241, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1400 asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey ankaoloka mapiri kudzafunkha ndi kugwira anthu ukapolo. Matauni aakulu anazinga tauni yonse ndi khoma, koma mudzi wa alimi sukanatha kutero, choncho anthu anasankha kulimbitsa nyumba imodzi imene inali ya onse. Belu likalira mochenjeza, aliyense ankathawira ku tchalitchi, kumene mbewu ndi nyama yofutsa zinali zitasungidwa kale. Nsanja imodzi mpaka lero imatchedwa nsanja ya nyama ya nkhumba, chifukwa mabanja ankapachikamo nyama yawo yothira mchere.

Tchalitchi limene lilipo leroli linayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndipo linatha cha m'ma 1520. Kukula kwake kumadabwitsa poyerekeza ndi mudzi, koma chifukwa chake chimadziwika: pa nthawiyo Biertan inali malo a msika, yolemera ndi vinyo ndi amisiri, ndipo inkalimbirana ndi Mediaș komanso Moșna kuti ikhale likulu la dera lino. Mpikisanowo anapambana ndi Mediaș m'zaka za m'ma 1550. Biertan inapeza ulemu wina m'malo mwake. Asakisoni atatsata chiphunzitso cha Luther, chimene Johannes Honterus anachifalitsa kuchokera ku Brașov m'zaka za m'ma 1540, m'busa wa mudzi uno, Lucas Unglerus, anasankhidwa kukhala bishopu mu 1572, ndipo sanasamuke. Kuyambira pamenepo mabishopu a mpingo wa Lutheran wa Asakisoni anakhala pano kwa zaka pafupifupi 300, mpaka mpandowo unasamutsidwira ku Sibiu mu 1867. Miyala ya pa manda awo inasonkhanitsidwa mu nsanja imodzi, ndipo nkhope zawo zosemedwa, zandevu zazitali, zimayang'ana aliyense wosuzumira pakhomo.

M'kati mwa tchalitchi mumazizira ndipo mumanunkhira matabwa akale. Kutsogolo kuli guwa lokhala ndi zithunzi 28 zojambulidwa pa matabwa otseguka ngati zitseko, limene linapangidwa mpingo usanasinthe chiphunzitso, ndipo ndinayamikira kuti otsatira Luther a kuno sanaliphwanye monga zinachitikira m'madera ena a Ulaya. Gome lolalikirapo ndi la mwala wosemedwa, la mu 1523. Koma chimene ndinaimapo nthawi yaitali ndi chitseko cha chipinda chosungiramo chuma cha mpingo, chopangidwa mu 1515. Kumaso kwake chinakongoletsedwa ndi timatabwa tamitundumitundu tolumikizidwa mwaluso, pamene kuseri kwake kuli loko wa zitsulo zopingasana amene amakankha mipiringidzo 19 kulowa m'mphuthu. Bambo woyang'anira anandilola kuyandikira mpaka ndinaona timizere ta tupa pa chitsulocho, ntchito ya dzanja la munthu amene anamwalira zaka mazana asanu zapitazo. Ngakhale panali loko wotere ndi malinga atatu, asilikali oukira ulamuliro wa mafumu a ku Austria a banja la Habsburg analowa ndi kufunkha m'tchalitchimo mu 1704.

Pa linga lina pali kachipinda kamene alendo onse amafuna kukaona. Muli bedi limodzi, tebulo limodzi, mpando umodzi, mbale imodzi ndi supuni imodzi. Anthu amafotokoza kuti banja likafuna kutha, akulu a mpingo ankatsekera mwamuna ndi mkazi m'menemo mpaka atagwirizana, ndipo amati m'zaka 300 ndi banja limodzi lokha limene linatha. Alendo anzanga anaseka, koma ine ndinakumbukira ankhoswe akwathu, amene amakhala pansi ndi mbali zonse ziwiri, namva madandaulo, ndipo nthawi zina amavomereza kuti ukwati wafika pothera. Ndinaganiza za mkazi amene mwina ankamenyedwa, n'kutsekeredwa ndi womumenyayo, ndipo sindikukhulupirira kuti aliyense amene anatuluka m'kachipindako atagwirana dzanja ndi mnzake anatuluka ndi mtendere.

Bungwe la UNESCO linaika tchalitchili ndi mudzi wake pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1993, ndipo midzi ina isanu ndi umodzi, kuphatikizapo Viscri ndi Prejmer, inawonjezedwa mu 1999. Ndinawerenga mabenchi mwachisawawa, ndipo ndinaona kuti akhoza kukhala anthu mazana angapo. Woyang'anira anandiuza kuti opemphera achilutera amene atsala m'mudzi sangadzaze ngakhale mizere yochepa ya kutsogolo.

Lachitatu, tsiku lachitatu

Ndinadzuka m'mawa kupita ku Richiș, mtunda wa makilomita pafupifupi asanu. Midzi yonse itatu ili pa njira ya oyenda pansi yotchedwa Via Transilvanica, imene inamalizidwa mu 2022 ndipo imadutsa dziko lonse kwa makilomita pafupifupi 1,400, kuchokera ku Putna kumpoto mpaka ku Drobeta-Turnu Severin pa mtsinje wa Danube. Pa kilomita iliyonse pali mwala wosemedwa mosiyana ndi unzake, moti mlendo sasochera. Mayi a panyumba anandipatsa ndodo, nandichenjeza za agalu olondera nkhosa, ndi kuti ndisalowe m'nkhalango ndekha madzulo chifukwa muli zimbalangondo.

M'njira ndinaona chinthu chimene agogo aja anandiuza kuti ndichiyang'anitsitse. Zitunda zoyang'ana kudzuwa zili ndi mizere yopingasa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati masitepe a chimphona, ndipo poyamba ndinayesa kuti ndi migula yoteteza nthaka monga ya m'mapiri a ku Dedza. Imeneyi inali minda ya mphesa. Kwa zaka mazana ambiri dera lino linkatchedwa dziko la vinyo, ndipo ndalama zomangira matchalitchi zinkachokera m'mizere imeneyi. Kachilombo koononga mizu ya mphesa kanafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu nabzalanso, koma eni luso atachoka, minda yambiri inasanduka tchire. Lero pamizerepo pamera zitsamba zaminga ndipo pakudya nkhosa. Mphesa zatsala m'mabwalo a nyumba, zoyangidwa pamwamba kuti zipereke mthunzi.

Richiș, amene Asakisoni ankati Reichesdorf, ndi mudzi wa msewu wautali, nyumba zake zogundana mapewa, iliyonse ndi chipata chachitali chobisa bwalo. Tchalitchi lake ndi la m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, ndipo limatchuka ndi tinkhope ta anthu tosemedwa pamitu ya zipilala, tobisika m'masamba a mwala, tina totulutsa masambawo m'kamwa. Munthu ayenera kudekha kuti atione. Ndinapeza tisanu ndekha, tina anachita kundilozera. Nyumba zingapo za kuno zagulidwa ndi anthu ochokera kumayiko ena a Ulaya ndi a m'mizinda, ndipo zapakidwa utoto watsopano, pamene zoyandikana nazo zili ndi matailosi a denga ogwera m'kati.

Nkhalango ya kumwera kwa Biertan ili ndi mbiri yakale kuposa ya Asakisoni. Mu 1775 munapezeka kachitsulo ka mkuwa ka m'zaka za m'ma 300, kokhala ndi chizindikiro cha dzina la Khristu ndi mawu a Chilatini akuti EGO ZENOVIUS VOTUM POSUI, kutanthauza kuti ine Zenovius ndapereka chimene ndinawinda. Kanalowa m'chuma chimene Samuel von Brukenthal, amene anakhalapo bwanamkubwa wa Transylvania, anasonkhanitsa ku Sibiu. Akatswiri ambiri a ku Romania amakaona ngati umboni wakuti kuno kunatsala Akhristu oyankhula Chilatini ufumu wa Roma utachotsa asilikali ake m'zaka za m'ma 270, pamene ena amati kanachita kubwera kuchokera kwina. Mkanganowo ndi waukulu chifukwa umakhudza funso lakuti anayamba kufika kuno ndani, Aromania kapena Ahangare, funso limene lakhala likutentha kwa zaka zoposa zana.

Madzulo mayi a panyumba anaphika mămăligă. Anathira ufa wachikasu wa chimanga m'madzi otentha a mchere, natakasa ndi mthiko wobulungira wopanda mutu, kenako anagubuduza mphika pa thabwa, nadula ndi ulusi. Ndi nsima, koma ya ufa wokhakhala ngati mgaiwa, ndipo amadyera tchizi cha nkhosa ndi mkaka wokhuthala wonga chambiko. Nditawauza kuti kwathu timadya zimenezi tsiku ndi tsiku, ndi manja, anaika foloko pansi nati ndiwasonyeze kapotedwe ka mbamu.

Lachinayi, tsiku lachinayi

Kwagwa mvula yamawawa kuyambira m'bandakucha, choncho ndakhala m'khitchini ndi mayi a panyumba, tikukambirana m'Chijeremani chimene iwo anaphunzira kwa anansi ali mwana. Iwo ndi Mromania wa mpingo wa Orthodox, ndipo makolo awo ankakhala kumapeto kwa mudzi, chifukwa kale pakati pa mudzi panali pa Asakisoni, Aromania nakhala chakunja, ndipo kunja kwenikweni kunali anthu a mtundu wa Roma. Amenewa si Aroma a mpingo wa Katolika monga timatchulira kwathu, koma mtundu umene makolo ake anachokera ku India zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo wakhala ukusalidwa ku Ulaya konse.

Kalembera wa mu 2011 anapeza anthu pafupifupi 2,600 m'midzi itatuyi. Mwa anthu anayi alionse, atatu anali Aromania. A mtundu wa Roma anali pafupifupi mmodzi mwa asanu kapena asanu ndi mmodzi, pamene Ajeremani sanafike asanu mwa anthu 100, ndipo Ahangare anali ochepera pamenepo. Pofika kalembera wa mu 2021 chiwerengero chonse chinali chitatsikira pa anthu opitirira pang'ono 2,200. Mudzi umene unali likulu la mabishopu a Asakisoni unatsala bwanji ndi Asakisoni owerengeka pa zala? Mayi aja anayankha pang'onopang'ono, ndipo zimene ananena zikugwirizana ndi zimene agogo a ku Germany akhala akundiuza usiku akasowa tulo.

Transylvania inalowa m'dziko la Romania nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pambuyo pa msonkhano wa ku Alba Iulia wa pa 1 Disembala 1918, ndipo atsogoleri a Asakisoni anavomereza zimenezi ku Mediaș mu Januwale 1919. Mu 1930 m'dziko lonse munali Ajeremani pafupifupi 745,000. Kenako kunabwera nthawi imene agogo aja samaikonda kuikamba, koma iyenera kunenedwa. Chipani cha Nazi chinakopa Asakisoni ambiri, ndipo mu 1943 anyamata zikwizikwi analowa m'gulu la asilikali la Waffen-SS. Mmodzi mwa akuluakulu a gululi, Artur Phleps, amene asilikali ake anachita nkhanza zoopsa ku Yugoslavia, anabadwira mu Biertan momwemuno mu 1881.

Chilango chitabwera sichinasankhe wolakwa ndi wosalakwa. Mu Januwale 1945 asilikali a Soviet Union analamula kuti amuna Achijeremani a zaka 17 mpaka 45 ndi akazi a zaka 18 mpaka 30 atengedwe kukagwira ntchito ya thangata, ndipo Asakisoni pafupifupi 30,000 anakwezedwa m'mabogi onyamulira ng'ombe m'nyengo ya chisanu, ambiri kupita ku migodi ya malasha ku Donbas, ku Ukraine. Mayi awo a agogo aja anali m'gululo, ndipo anasiya mwana wa zaka zinayi m'manja mwa agogo ake. Anabwerako mu 1949 mwanayo osawazindikira. Chaka chomwecho cha 1945 boma linalanda minda ya Ajeremani, ndipo pambuyo pake, pakati pa 1949 ndi 1962, ulamuliro wachikomyunizimu unasonkhanitsa minda ya alimi onse m'mafamu a gulu. Mlimi amene makolo ake analima mzere womwewo wa mphesa kwa mibadwo makumi awiri anasanduka waganyu pamenepo.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la West Germany linayamba kulipira boma la Romania la Nicolae Ceaușescu ndalama pa munthu aliyense wololedwa kutuluka, ndipo pofika 1989 anali atatuluka motere anthu oposa 200,000. Ceaușescu atagwa mu Disembala 1989 malire anatseguka, ndipo mu 1990 mokha Ajeremani oposa 100,000 anachoka m'dziko. Mayi aja anati chilimwe chimenecho m'mawa uliwonse pankaima galimoto pa chipata china, ndipo anthu ankagulitsa makabati, ng'ombe ndi migolo ya vinyo pa mtengo wozizira. Sankathawa nkhondo. Aliyense ankaopa kukhala wotsiriza: mphunzitsi akachoka makolo amatsatira, m'busa akachoka okalamba amafunsa kuti adzawaika m'manda ndani. Kalembera wa 2021 anapeza Ajeremani osakwana 23,000 m'Romania yense.

Funso la maliro linali lalikulu chifukwa cha mmene Asakisoni ankakhalira. Msewu uliwonse unali ndi gulu lake lotchedwa Nachbarschaft, ndiye kuti chinansi, lokhala ndi mkulu wake wosankhidwa, bokosi la ndalama ndi malamulo olembedwa. Gululi linkakumba manda, kunyamula maliro, kuthandiza kumanga nyumba ikapsa ndi kukonza zitsime, ndipo wojomba ankalipira chindapusa. Nditamva izi ndinaona adzukulu akwathu akulawirira kumanda ndi makasu, ndi amayi akusonkha ufa ndi nkhuni pa siwa. Moyo wotere umafuna anthu okwanira, ndipo akachepa kufika pamlingo wina umagwa msanga.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chakuti kuchokako sikunathe ndi Asakisoni. Romania italowa mu European Union mu 2007, ana a Aromania ndi a mtundu wa Roma amene analowa m'nyumba zosiyidwazo anayambanso ulendo, kupita ku Italy, Spain ndi Germany kukathyola zipatso, kumanga nyumba ndi kusamalira okalamba. Mwana wamkazi wa mayi a panyumba pano akugwira ntchito yofanana ndi yanga. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti amayi anga akuwasamalira ndani. Ndinayankha kuti ndi mng'ono wanga, ndipo ine ndimatumiza ndalama mwezi ukatha. Anagwedeza mutu, nawonjezera nkhuni m'chitofu.

Lachisanu, tsiku lachisanu

Mvula yakata, ndipo ndinadutsa chitunda kupita ku Copșa Mare, ulendo wosakwana ola limodzi. Mudziwu usasokonezedwe ndi Copșa Mică, tauni ya mafakitale imene ndinadutsa pa sitima Lolemba. Uwu ndi mudzi waung'ono wachete, wokhala ndi tchalitchi lake lozingidwa ndi linga, loyambidwa m'zaka za m'ma 1300, ndipo zipata zina ndi zazikulu mokwanira kulowa ngolo yodzaza migolo. Ngolo zokokedwa ndi akavalo zikugwirabe ntchito. Ndinapatukira imodzi yonyamula nkhuni, yoyendetsedwa ndi bambo wa mtundu wa Roma ndi ana ake awiri, ndipo nditapereka moni wa Bună ziua anayankha onse atatu. Kumapeto kwa mudzi nyumba ndi zazing'ono ndipo umphawi umaonekeratu, koma ana ambiri amene ndawaona sabata ino ndawaona kumeneko, ndipo ndikuona kuti alendo amene amajambula tchalitchi n'kubwerera pa basi saudziwa mudzi umene ulipo lero.

Ndinachedwa dala kuti ndione ng'ombe zikubwera kubusa. Mudzi uli ndi abusa amene amatenga ng'ombe za mabanja onse m'mawa, ndipo madzulo gulu lonse limalowa mumsewu, mabelu akulira m'makosi. Palibe amene amazipatula. Iliyonse ikafika pa chipata cha kwawo imachoka yokha m'gulu n'kuima, kudikira kuti aitsegulire. Zipata zambiri zinadutsidwa popanda ng'ombe yoimapo.

Loweruka, tsiku lachisanu ndi chimodzi

Kapepala ka agogo ndinakasunga mpaka lero chifukwa ndinkaopa zimene ndikapeze. Ndinayambira pabwalo, ndinadutsa pa kamlatho, ndinawerenga zipata monga anandiuzira, ndipo ndinaima pa nyumba imene iwo anati ndi yobiriwira. Tsopano ndi yachikasu, koma pamwamba pa khoma loyang'ana kumsewu pakuonekabe chaka chomangira ndi zilembo zoyamba za dzina la agogo awo aamuna. Ndinagogoda mtima ukugunda, chifukwa sindinadziwe mmene eni nyumba angalandirire munthu wachilendo wochokera ku Africa wonyamula uthenga wa mwini wakale. Anatsegula ndi bambo wachikulire wovala chipewa, ndipo mayi a kumene ndikugona, amene anandiperekeza, anamufotokozera. Anamvetsera osadula mawu, kenako anatsegula chipata chonse, nati: "Poftiți," ndiko kuti lowani.

Bwalo ndi lalitali ndi lopapatiza monga agogo ananenera: nyumba mbali imodzi, chitsime pakati, makola motsatira khoma, ndipo nkhokwe yaikulu ya udzu wa ziweto yapingasa kumapeto. Tinadutsa m'nkhokwemo kutulukira kudimba, ndipo mtengowo unali pomwepo. Ndi mtengo wa mtedza umene kuno amati nuc, thunthu lake lotuwa ndi long'aluka, lalikulu moti manja anga sanakumane polikumbatira. Nthambi imodzi yaikulu inadulidwa, ndipo bamboyo anati inathyoka ndi kulemera kwa chipale chofewa zaka zingapo zapitazo. Makoko obiriwira ayamba kung'ambika, ndipo mtedza wina unali utagwa kale mu udzu. Anatola umodzi, nauswa pakati pa zikhatho zake ziwiri, nandipatsa. M'kati munali moyera ndi mofewa, ndipo kakhungu kake kanali kowawa pang'ono.

Anandiuza kuti amawakumbukira agogowo, chifukwa bambo ake ankagwira ntchito limodzi ndi amuna awo pa famu ya gulu, ndipo pa tsiku lochoka agogowo anasiya kiyi m'manja mwa mayi ake. Anati kwa zaka zambiri kuchokera m'ma 1990 Asakisoni ankasonkhana mu Biertan mwezi ngati uno, ochokera ku Germany nabwera pa mabasi, ndipo iye ankayang'ana m'khamulo ngati angawaone, koma sanabwereko. Ndinamuuza kuti miyendo yawo siyendanso. Anapita m'nyumba, nabwera ndi thumba la nsalu, ndipo tonse atatu tinawerama kutola mtedza mpaka linadzaza theka.

Kuchokera pamenepo tinakwera ku manda a Asakisoni, kumene manda ambiri anaphimbidwa ndi simenti kuti pasamere udzu, popeza olimirira anapita. Ndinapeza a bambo awo a agogo, ndinachotsa masamba ouma pa mwala, ndinajambula chithunzi, ndipo ndinapemphera m'Chichewa.

Zala zanga zada bii ndi utomoni wa makoko, ndipo mayi a panyumba akuti sudzachoka mpaka sabata ziwiri. Galimoto yopita ku Mediaș idzanditenga mawa 7 koloko m'mawa. Thumba la mtedza ndaliika m'chikwama cha m'manja, ndipo Lachiwiri ndikayamba ntchito ya m'mawa, nthawi imene agogo amakhala atadzuka kale, atakhala pampando wawo wa pazenera.